Aphungu asabisale kumbuyo kwa akatswiri pa nkhani ya utsi wa galimoto

Mu December 2023, akuluakulu a bungwe loona zachilengedwe m'chigawo cha Maine ku America anayenera kukumana kuti avote pa nkhani imodzi: kodi chigawo chawo chitengere malamulo a ku California okakamiza makampani kuti azigulitsa galimoto zambiri zoyendera magetsi? Msonkhanowo unalephereka. Kutatsala masiku ochepa kunabwera chimphepo ndi chimvula chomwe chinazula mitengo n'kudula mawaya, ndipo mabanja zikwi mazanamazana anagona mumdima. Mbali zonse ziwiri zinapezerapo poyambira. Wodana ndi lamulolo akanangoloza mawaya ali pansiwo n'kufunsa kuti galimoto yakeyo aitchaja ndi chiyani. Wolifuna naye akanaloza mawaya omwewo n'kunena kuti nyengo yapenga chifukwa cha utsi womwe tikukanganiranawu.

Ine chinandidabwitsa kwambiri ndi njira imene nkhani yaikulu chonchi inadzera kuti ifike pa tebulo la anthu asanu ndi awiri a m'bungwelo, omwe sanasankhidwe ndi ovota. Ku Maine, anthu 150 olembetsa m'kaundula wa zisankho akasainira chikalata, bungwe la boma limakakamizika kuyamba kuunika lamulo lomwe apemphalo. Mabungwe oteteza zachilengedwe anatolera masiginecha, nkhani n'kulowa. Pempho linali loti pofika 2032, galimoto 82 mwa 100 zilizonse zatsopano zogulitsidwa m'chigawomo zikhale zamagetsi. Bungwelo litakumana mu March 2024, anayi anakana, awiri anavomera. Pasanapite nthawi aphungu a m'chigawomo anakhazikitsa lamulo loti kuyambira pamenepo, malamulo a utsi wa galimoto zatsopano asamagwire ntchito asanadutse m'nyumba yawo.

Ndikuti aphunguwo anachita bwino, ndipo ndikunena izi ndili munthu wofuna kuti utsi uchepe m'misewu. Kuuza anthu mamiliyoni chaka chomwe adzasiye kugula galimoto yatsopano ya petulo ndi chiganizo cholemera, ndipo woyenera kuchisenza ndi munthu amene ovota angathe kumuchotsa. Zigawo zingapo zinayesa kulambalala khomo limeneli. Zomwe zachitika kuchokera mu 2023 zikusonyeza kuti zinangodzitchera msampha.

Kuti timvane, tiyambire ku Los Angeles, mzinda wa ku California. Mu July 1943 mzindawu unakutidwa ndi chifunga choyabwa m'maso ndi kukhosi, moti ena anayesa kuti adani pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse aponya mpweya wapoizoni. Anatseka fakitale ina yomwe ankaiganizira, koma chifungacho chinkabwerabe. Amene anadzatulukira gwero lake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 anali Arie Haagen-Smit, katswiri wa ku yunivesite ya Caltech, yemwe m'mbuyomo ankafufuza chimene chimanunkhiritsa chinanazi. Iye anasonyeza kuti utsi wa galimoto ndi wa malo oyengera mafuta ukawombedwa ndi dzuwa umasanduka mpweya wa ozoni, womwe umapsereza mapapo. Mu 1967 bwanamkubwa wa California, Ronald Reagan, inde yemwe uja wa chipani cha Republican, anasainira lamulo lokhazikitsa bungwe la California Air Resources Board, lomwe ambiri amangoliti CARB, ndipo Haagen-Smit anakhala wapampando wake woyamba.

Poti California inayamba kulimbana ndi utsi boma lalikulu la ku Washington lisanadzuke, lamulo la dziko lonse la Clean Air Act linaisiyira mpata: iyo yokha ikhoza kulemba malamulo akeake okhwima, bola ipemphe chilolezo ku bungwe la EPA, nthambi ya boma lalikulu yoona zachilengedwe. Mu 1977 Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, inawonjezera ndime 177, yolola zigawo zina kutengera malamulo a California m'malo mwa a ku Washington. Koma atengedwe momwe alili, osasintha, ndipo makampani apatsidwe zaka ziwiri zokonzekera. Cholinga n'choti makampani asamapange galimoto za mitundu 50, chigawo chilichonse mtundu wake. Choncho phungu wa ku Vermont kapena ku New Jersey ali ndi njira ziwiri basi, ya Washington kapena ya Sacramento, likulu la California. Cholembera sichifika m'manja mwake.

Kwa zaka zambiri izi sizinkavuta aliyense. Kutengera California kunkatanthauza galimoto yomweyo ya petulo, kungoti ili ndi kachipangizo kabwinoko kosefa utsi ku ekizozi. Wogula sankadziwa n'komwe. Zinthu zinasintha mu August 2022, pamene CARB inavomereza malamulo otchedwa Advanced Clean Cars II, potsatira zomwe bwanamkubwa Gavin Newsom analamula mu September 2020. Malamulowa amati pa galimoto 100 zatsopano za mu 2026, 35 zikhale zosatulutsa utsi. Mu 2030 zifike 68. Mu 2035 zonse. Kunena chilungamo, salanda munthu galimoto yake yakale, saletsa kugula kapena kugulitsa yoyendapo kale, ndipo amalola kuti gawo limodzi mwa magawo asanu likhale la galimoto zokhala ndi zonse ziwiri, injini ndi batire lotchaja pa soketi. Andale ena amabisa dala zimenezi. Komabe ngakhale titachotsa mabodza onsewo, chotsalacho chaposa kasefa ka ku ekizozi kutalitali. Chikukhudza mayendedwe a anthu, kagawidwe ka magetsi, ntchito za amakaniko, ndi ndalama zokonzera misewu.

Taonani za ku Virginia. Mu 2021, chipani cha Democratic chili ndi mphamvu m'nyumba zonse ziwiri, aphungu anavomereza kuti chigawo chawo chitsatire California, ndipo bwanamkubwa Ralph Northam anasaina. Nthawi imeneyo malamulo a 2035 aja anali asanakhazikitsidwe. Kunali ngati kusainira cheke chopanda nambala n'kuchitumiza kwa munthu wokhala kumalekezero ena a dziko. Chaka chotsatira California inalembapo nambala yake. A Republican anayesa kufafaniza lamulolo m'nyumba ya malamulo koma anagonja ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za chigawocho. Ndiye mu June 2024 bwanamkubwa Glenn Youngkin analengeza kuti Virginia ituluka pakutha pa chakacho, atatsamira pa maganizo a loya wamkulu wa boma, Jason Miyares, oti mawu a lamulo la 2021 sakakamiza kutsatira malamulo atsopanowo. Polowa mu dongosolo la 2035 panalibe voti ya aphungu yotchula chakacho, potuluka panalibenso voti. Anthu a ku Virginia analowetsedwa ndi chiganizo cha ku Sacramento, n'kutulutsidwa ndi kalata ya loya.

Ku Connecticut nkhani inayenda mwina, koma fungo lake ndi lomwelo. Lamulo lomanga chigawochi ku California ndi la mu 2004, kampani ya Tesla isanagulitseko galimoto ngakhale imodzi. Kumeneko lamulo lililonse lolembedwa ndi nthambi ya boma limadutsa kaye ku komiti ya aphungu 14, theka a chipani ichi, theka a chinacho. Mu November 2023 bwanamkubwa Ned Lamont, ataona kuti mavoti m'komitimo sakwana, anabweza malamulowo voti isanachitike. Wina angati uku ndiye kuyang'anira kwa aphungu komwe tikufunaku. Ine ndikuti ndi theka chabe. A Democratic ndi omwe achuluka m'nyumba zonse ziwiri za ku Hartford, likulu la chigawochi. Akanafuna, akanaibweretsa nkhaniyo poyera, aliyense n'kuvota dzina lake likulembedwa. Sanatero. Chisankho cha 2024 chinali pakhomo, ndipo ndikuganiza kuti ambiri mtima unakhala m'malo poona kuti nkhaniyo yafera m'kachipinda ka komiti.

Apa ndiye pagona vuto, ndipo zipani zonse zili ndi mlandu. Phungu amakonda kuti akatswiri asenze katundu wolemera, iye n'kumayenda chimanjamanja pambuyo. Lamulo likakoma amati ndife tinatsegula njira. Likawawa amati ndi anthu a m'maofesi aja. Wotsutsa nayenso zimamukomera. Amakalipa pa wailesi za anthu osasankhidwa, koma salifuna tsiku loti aimirire n'kufotokozera mayi wokhala m'mphepete mwa msewu waukulu, mwana wake akubanika ndi mphumu, chifukwa chimene wavotera kuti utsi upitirire.

Pali yankho lamphamvu londitsutsa, ndipo sindilipeputsa. Aphungu sadziwa za utsi. M'zigawo zambiri za ku America uphungu uli ngati ganyu: amakumana miyezi yochepa pachaka, ena ndi alimi, ena maloya, ndipo ambiri alibe wowathandiza kuwerenga zikalata za masamba mazanamazana. Komanso ogulitsa galimoto ali m'dera la phungu aliyense, amalemba anthu ntchito, amathandiza pa kampeni, ndipo nambala ya foni ya phunguyo ali nayo. Mwana wa mphumu uja alibe.

Nkhani ya Volkswagen imaikira kumbuyo mbali imeneyi. Ofufuza ochepa a ku West Virginia University anapakira makina oyezera utsi kumbuyo kwa galimoto za dizilo, mapaipi atalumikizidwa ku ekizozi, n'kumayenda nazo m'misewu yeniyeni ya ku California, imodzi mpaka kukafika ku Seattle n'kubwerera. Manambala omwe anatulutsa mu 2014 sanagwirizane ndi a m'chipinda choyezera. Mainjiniya a CARB anaipanikiza kampaniyo ndi mafunso kwa chaka ndi miyezi, kuyeza n'kuyezanso, mpaka mu September 2015 inavomera kuti inaika pulogalamu ya kompyuta yozindikira kuti galimoto ili pa mayeso n'kudziyeretsa nthawi yomweyo. Ikabwerera pamsewu, utsi woipa wa nayitrojeni unkafika powirikiza ka 40 mlingo wololedwa. Galimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse zinali ndi chinyengochi. Palibe komiti ya aphungu yomwe ikanagwira mbava imeneyi. Ndipo tikanati mlingo uliwonse wa utsi ndi njira iliyonse yoyezera zizidikira voti, makampani akanavina usiku wonse.

N'chifukwa chake sindikunena kuti aphungu alande ntchito ya akatswiri. Malire ake si ovuta kuwaona ngati mmene ena amanenera. Magalamu angati a utsi pa mtunda wakutiwakuti, batire likhale ndi chitsimikizo cha zaka zingati, galimoto iyezedwe motani: izo n'za akatswiri, phungu asazikhudze. Koma funso loti kodi chigawo chathu chisiye kugulitsa galimoto zatsopano za petulo, chisiye liti, ndipo ndani alipire mawaya ndi malo otchajira, yankho lake silituluka mu labotale. Katswiri angakuuzeni kuti mukatero anthu angati adzapulumuka ku matenda a m'chifuwa, n'kukuuzaninso mtengo wake. Kuika ziwirizo pa sikelo n'kunena kuti tavomera kapena takana, imeneyo ndiyo ntchito yomwe anthu amasankhira aphungu.

Palinso chifukwa china, chomwe okonda galimoto zamagetsi ayenera kuchimvetsa kuposa wina aliyense. Chobwera ndi siginecha ya munthu mmodzi chimachokanso ndi siginecha ya munthu mmodzi. Ufulu wa California woika malire pa mpweya wotenthetsa dziko wochokera m'galimoto unakanidwa mu ulamuliro wa George W. Bush, unaperekedwa mu 2009 nthawi ya Barack Obama, unalandidwa mu 2019 ndi boma la Donald Trump, n'kubwezedwa mu 2022 ndi la Joe Biden. Kampani imatenga zaka zingapo kuti ikonze mtundu watsopano wa galimoto, fakitale ya mabatire imadya madola mabiliyoni, ndipo tikatenga pakatikati, galimoto za m'misewu ya ku America zili ndi zaka zoposa 12. Ndani angamange nyumba pa nthaka yogwedezeka zaka zinayi zilizonse? Mu 2025 abwanamkubwa a ku Maryland ndi ku Vermont, Wes Moore ndi Phil Scott, anaimitsa kaye zilango za malamulowa mwa mphamvu ya maudindo awo, popanda voti ya aphungu. Lamulo lomwe aphungu anakanganapo poyera n'kulivotera ndi mayina awo limakhala ndi eni ake olimenyera. Lolowa mwakachetechete limasanduka lamasiye tsiku lomwe mphepo yatembenuka.

Tsono wina asamve ngati ndikuombera m'manja chilichonse chotchedwa kuyang'anira. Kwina kumakhala kubwezera. Ku Minnesota, boma la bwanamkubwa Tim Walz likukhazikitsa malamulo a utsi kudzera ku nthambi yake mu 2021, maseneta a Republican anaopseza kuti amana ndalama nthambi zoona zachilengedwe, kuphatikizapo za mapaki a boma, ndipo mkulu wa nthambi yolimbana ndi kuipitsa mpweya ndi madzi, Laura Bishop, anatula pansi udindo mu July chaka chomwecho atadziwa kuti akufuna kumuchotsa. Dandaulo lawo loti analambalalidwa linali lomveka. Koma mayiyo atachoka, funso la utsi linatsala pomwe linali.

Chachikulu chinachitikira ku Washington. EPA inapereka chilolezo cha malamulo a 2035 mu December 2024. Mu May 2025 Congress inagwiritsa ntchito Congressional Review Act, lamulo la mu 1996 lolola aphungu kufafaniza lamulo latsopano la nthambi ya boma ndi mavoti ongoposa theka, osafunikira maseneta 60 monga zimakhalira nthawi zambiri. Ofesi ya GAO, yomwe imalondoloza ntchito za boma m'malo mwa Congress, inali itanena kuti chilolezo chotere sichigwera pansi pa lamulo limenelo, ndipo mlangizi wa Senate pa ndondomeko za nyumbayo anagwirizana nazo. Maseneta anazemba malangizowo n'kuvota 51 kwa 44. M'nyumba inayo, ya House, mavoti anali 246 kwa 164, ndipo a Democratic 35 anavota limodzi ndi a Republican, kusonyeza kuti nkhawa ya 2035 si ya chipani chimodzi. Trump anasaina pa 12 June, ndipo tsiku lomwelo California ndi zigawo zina khumi zinathamangira kukhothi.

Apa mayina analembedwa, voti inachitika poyera, ndiye mwina mukuti ndikhutire. Sindikukhutira. Congress ikanafuna kuchotsa mwayi wapadera wa California, khomo linalipo: kusintha Clean Air Act yeniyeniyo, kumva umboni wa madokotala, makampani ndi zigawo, n'kupeza mavoti okwanira. Inasankha kulowera pawindo. Potero inalanda aphungu a zigawo zonse zija mwayi wosankha okha, ngakhale a zigawo zomwe zikanavomera ndi mtima wonse. Ambiri mwa amene dzulo ankalira kuti Sacramento isalamulire Richmond, likulu la Virginia, ndi omwewo anakondwa Washington italamulira Sacramento.

Kuyang'anira kwenikweni n'kotopetsa, ndipo sikutha tsiku la voti. Ndi kuitana nthambi ya zachilengedwe chaka ndi chaka kuti ibwere ndi manambala: galimoto zamagetsi zagulidwa zingati, malo otchajira alipo angati, mwa amenewo akugwiradi ntchito ndi angati, kampani ya magetsi yakonzeka bwanji. Ndi kufunsa za munthu wa lendi wokhala pa nsanjika yachitatu yemwe amaimika galimoto mumsewu, poti mwini nyumba yokhala ndi garaja amatchaja usiku motchipa ali mtulo, pamene mnzakeyu amalipira zambiri pa makina a panjira, akudikira maso ali pa wotchi. Ndi kufunsanso za misewu. Imakonzedwa ndi msonkho wa mafuta, womwe ku boma lalikulu wakhala pa masenti 18.4 pa galoni ya petulo kuchokera mu 1993, ndipo galimoto yamagetsi sigula mafuta. Texas inayankha mu 2023 poika madola 200 pachaka pa galimoto yamagetsi iliyonse. Kaya ndalamayo ndi yoyenera kaya yachuluka, chiganizocho chinadutsa m'nyumba ya malamulo, momwe nkhani za msonkho zimayenera kudutsa. Ndipo poti chithandizo cha madola 7,500 chomwe boma lalikulu linkachotsera pa msonkho wa ogula galimoto zamagetsi chinatha kumapeto kwa September 2025, funso loti ndani amukankhe wogula wopeza pang'ono lagwera zigawo.

Kubwerera m'mbuyo pang'ono si tchimo. CARB yomweyi mu 1990 inalamula kuti pofika 1998 galimoto 2 mwa 100 zikhale zosatulutsa utsi, ndipo pofika 2003 zikhale 10. Mabatire a nthawi imeneyo anali asanafikepo, ndipo mu 1996 bungwelo linafewetsa. Colorado ndi Delaware zinatenga malamulo atsopanowa n'kulekezera pa 2032, pa 82 paja, za 2035 n'kuzisiya kuti zidzaonedwe m'tsogolo. Lamulo labwino la aphungu likhoza kuchita chimodzimodzi: kuvomera gawo loyamba, kutchula chaka choti nkhani idzabwerenso m'nyumba, n'kunena mosabisa kuti California ikasintha kwambiri malamulo ake, chigawo sichingotsatira ngati ngolo yomangidwa ku thirakitala mpaka aphungu atavotanso.

Phungu wovota kuti ayi naye ali ndi ngongole yake, poti walira mvula walira matope. Clean Air Act imaika mlingo wa ozoni womwe dera lililonse liyenera kukwaniritsa, ndipo chigawo cholephera kupereka dongosolo lokhutiritsa chikhoza kumanidwa ndalama za misewu ikuluikulu. Utsi womwe wakana kuuchotsa ku galimoto zatsopano uyenera kuchotsedwa kwina: ku mafakitale, ku malo opangira magetsi, ku malole, kapena pokhwimitsa kuyeza galimoto zakale, zomwe ambiri mwa eni ake ndi osauka omwewo amene iye amati akuwateteza. Anene kuti wasankha kuti. Connecticut, komwe malamulo aja anafera m'komiti, ndi chimodzi mwa zigawo zomwe mpweya wake umapyola mlingo wa ozoni m'miyezi yotentha, makamaka m'mbali mwa nyanja momwe mwadutsa msewu wa I-95. Aphungu a ku Hartford alipo 187. Omwe nkhaniyi inawafika pa tebulo mu November muja anali 14, ndipo ngakhale iwowo sanafike pokweza manja.